Mjigo wa kwa Kamtedza Wotha pa Lipoti

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, ndikunena kale la masiku ano limene foni ya chaka chatha imatchedwa yachikale, kunali bungwe lina lokumba mijigo dzina lake Tunga Pafupi. Ofesi yake inali pa boma pena pa kumapiri, kuseri kwa chigayo, ndipo mkulu wake anali mayi Enelesi Chadzala. Mayiwa anali a mtima wapachala, izi ndineneretu, koma mawu awo sankagwa pansi. Akaima pamudzi n'kunena kuti madzi atuluka mvula isanagwe, amayi ankayamba kutsuka ndowa.

Bungweli linalibe chimakina chakechake chokumbira. Chinkachokera ku likulu mu Meyi n'kubwerera mu Novembala, chifukwa misewu ya kumeneko ikanyowa ngakhale ngolo imakana. Choncho chaka chilichonse pankakhala pulani yonena kuti mudzi uno sabata ino, mudzi uwo sabata ya mawa. Pulaniyo inali fayilo ya pa kompyuta yosungidwa pa intaneti, pamalo amene aliyense wa mu ofesi ankatha kulowapo, ndipo malowo ankangowatchula kuti nkhokwe. Lolemba lililonse m'mawa pulogalamu ya malipoti inkalowa yokha m'nkhokwemo, kutapa zolembedwa mu pulani, n'kutulutsa lipoti la tsamba limodzi. Mudzi umene mjigo wake watha unkaoneka wobiriwira, umene sunathe unkaoneka wofiira. Tsambalo ndilo ankawerenga akuluakulu a bodi yoyang'anira bungwelo ku likulu, ndipo likabiriwira lonse ankaitanitsa chimakina chawo.

Chaka chimenecho tsamba linabiriwira lonse kumayambiriro kwa Novembala. Mayi Chadzala anasayina mokondwa, chimakina chinakwezedwa pa lole n'kumapita, ndipo patatha masiku anayi kunagwa chimvula chimene chinadula msewu wa kutsidya kwa mtsinje wa Nkhwiza.

Lachiwiri la sabata yotsatira, dzuwa lili pamutu, mu ofesi munalowa mayi wina wachikulire, chitenje chili matope mpaka m'chiuno, atasenza ndowa. Anali mayi Nangozo, wapampando wa komiti ya madzi ya kwa Kamtedza, mudzi wa kutsidya kuja. Sanaodire, sanapereke moni. Anatula ndowayo pa tebulo la mayi Chadzala, pamwamba pa mapepala penipeni. Munali madzi ofiira, tizitsotso tikuyandama.

"Imwani," anatero mayi Nangozo.

Mayi Chadzala anasuzumira m'ndowamo.

"Ndati imwani, mayi. Amenewa ndiwo madzi a mjigo wanu. Mwana wa mchemwali wanga amasesa ku likulu kwanuko, akuti waona pa khoma chipepala chonena kuti ife a kwa Kamtedza tikumwa madzi abwino. Ndiye ndati ndisadye ndekha, ndikupatsireni."

"Mjigo wa kwa Kamtedza unatha mu Seputembala," anayankha mayi Chadzala.

"Unathera kuti? Chimakina chanu chinabwera, chinaboola masiku atatu, chinapeza mwala wokhawokha. Anthu anu anati abweranso adzakumbe kumunsi, kufupi ndi dambo. Ife tinatuta mchenga, tinaswa miyala, tinaumba njerwa, zonse zili mulu pamenepo. Lero ana anayi ali gone ku chipatala, kutsegula m'mimba. Inuyo munaima pabwalo la sukulu n'kutilonjeza ndi pakamwa panu pomwepo. Ine ndawoloka Nkhwiza madzi akulekeza m'chifuwa kuti ndidzangokuonani kumaso."

Atatero anatuluka, ndowa n'kuisiya.

Mayi Chadzala anapsa mtima kwambiri. Manyazi analipo, koma mkwiyo ndiwo unakula. Anaimbira wapampando wa bodi n'kufotokoza zonse mosabisa. Kumeneko sanayankhe zotonthoza. Chimakina sichingabwere mpaka Meyi, anatero wapampandoyo, ndipo a bodi atopa ndi malipoti abodza. Ngati a Tunga Pafupi akufuna kuti chimakinacho chidzabwerenso m'boma mwawo, ndi kuti chidzayambire kwa Kamtedza, atumize kalata pofika Lachisanu yokhala ndi dzina la munthu amene analakwitsa, ndipo munthuyo achotsedwe ntchito.

"Dzina limodzi, mayi Chadzala. Musatilembere zoti kompyuta inasokoneza. Kompyuta sitingaipatse kalata yochotsa ntchito. Popanda dzina, chimakina chikupita boma lina."

Anthu amene nkhaniyi inkawakhudza anali atatu okha. Lachitatu m'mawa mayi Chadzala anawaitana mmodzimmodzi.

Oyamba kulowa anali a Lufeyo Mankhusu, injiniya wa bungwelo, bambo a imvi amene anakumba mijigo zaka makumi atatu. Pulani anailemba ndi iwo, ndipo mu ofesi yonse inkadziwika kuti ndi fayilo ya a Mankhusu. Analowa atapachika laputopu kukhwapa, diso limodzi lili ndi bandeji chifukwa anali atangochokera kochotsa ng'ala.

"Bambo Mankhusu, munkadziwa kuti kwa Kamtedza sikunatuluke madzi?"

"Ndinadziwa tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji simunakonze pulani?"

"Ndani wanena kuti sindinakonze?"

Anatsegula laputopu n'kuitembenuza. Zoonadi, zonse zinalimo. Kwa Kamtedza, dzenje louma. Malo atsopano, kumunsi kwa dambo. Tsiku lobwerera, sabata yachiwiri ya Novembala. Zinalembedwa bwino lomwe, mwaukhondo, pa tsiku limene chimakina chinachoka pamudzipo. Chimene a Mankhusu anachita n'chakuti anakopera fayiloyo kuchoka m'nkhokwe kuika mu laputopu yawo, n'kumakonzera mmenemo, osaibwezeranso.

"Ndiye pulogalamu ikanadziwa bwanji zimene zili kukhwapa kwanu?" anafunsa mayi Chadzala.

"Mayi, ine sindiika ntchito yosatha pamaso pa ana. Ndimafuna ndimalize kukonza zonse ndiyeno ndibwezere kamodzi. Komanso nkhokwe yanuyo ilibe chitseko, aliyense amangopisamo dzanja. Ndinapita kuchipatala ndikudziwa kuti chimakina chikundidikira. Ndikubwera, ndikumva kuti munachisayinira chipite. Munandifunsa?"

"Lipoti la Lolemba simunaone kuti labiriwira?"

"Lipoti ndi la anthu amene sadziwa ntchito. Ine ntchito ili m'mutu."

Mayi Chadzala analuma mano. Anthu otere alipo mu ofesi iliyonse, odziwa ntchito zedi, amene amaona ngati kuuza anzawo zimene akudziwa n'kudzitsitsa. Pamtima anati dzina lapezeka.

Wachiwiri anali Tilimbike Nthala, mtsikana woyendera midzi, amene mayi Chadzala anamulemba okha ntchito zaka ziwiri zapitazo. Analowa maso atafiira kale.

"Iwe unali pomwepo chimakina chikuboola mwala. Unachitapo chiyani?"

"Ndinalemba, bwana."

"Unalemba kuti?"

Tilimbike anatsegula nkhokwe pa kompyuta ya mayi Chadzala yomweyo. Pambali pa fayilo ya a Mankhusu panali fayilo ina, dzina lake Pulani ya Tilimbike. Inali yofanana ndi inzakeyo mzere uliwonse, kupatula pa Kamtedza pamene panalembedwa kuti mjigo sunathe, madzi sanapezeke, anthu akudikira. Inakhala pamenepo masabata asanu ndi awiri, pulogalamu n'kumaidutsa Lolemba lililonse chifukwa sinauzidwe kuti izitapamo.

"Bwanji sunalembe mu fayilo yeniyeniyo? Unali ndi chilolezo."

"Chilolezo cha kompyuta ndinali nacho, bwana. Koma mwaiwala za chaka chatha? Ndinangokonza dzina la mudzi mu fayilo yawo, a Mankhusu anandiimiritsa pa msonkhano n'kundifunsa ngati amayi anga anandiphunzitsa kupisa m'thumba la akuluakulu. Ofesi yonse inaseka. Inunso munaseka. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amakhudza fayilo imeneyo. Tikakhala ndi chonena timaika yathu pambali, mwaulemu, kuti eni ake aone."

"Ndiye unangoika pambali n'kukhala chete?"

"Ndinawatumizira uthenga pa foni. Anayankha kuti, ndakonza kale. Uthengawo ulipo."

"Nanga Lolemba lililonse, tili pa msonkhano, Kamtedza akuoneka wobiriwira pa khoma, iwe uli pompo, pakamwa pako panali chiyani?"

Tilimbike anaweramitsa mutu. "Ndinkaona, bwana. Mtima unkandiwawa. Koma a Mankhusu anali atakhala pamenepo, atanena kale kuti akonza. Ndikanaimirira ndikanakhala ngati ndikuwatcha abodza pagulu. Ndinkati mwina pulogalamu ikuchedwa. Sabata imene chimakina chinapita ndinali kumidzi ya kumtunda kopanda netiweki."

"Ulemu wakowo ana anayi agona nawo kuchipatala," anatero mayi Chadzala.

Mtsikanayo anatuluka akulira, koma mayi Chadzala chisoni sichinawagwire. Kasanu ndi kawiri munthu kuona bodza pa khoma, n'kumangokanda pansi ndi chala chakuphazi. Pamtima anati mwina dzina ndi ili.

Wachitatu anali Zakeyu Chabwera, wa makompyuta, amene analumikiza pulogalamu ya malipoti ndi nkhokwe. Anali munthu wosakamba zambiri, wokonda kuyankha funso lokhalo limene wafunsidwa, khalidwe limene limapsetsa mtima kuposa mwano.

"Zakeyu, pulogalamu yako imatapa mu fayilo iti?"

"Ya a Mankhusu, bwana. Imodzi yokha. Ndinalemba kalata kwa onse mu Januwale kuti aliyense azikonza mu imeneyo, asamapange zina."

Kalatayo inalipodi, masamba anayi a Chingerezi chokhachokha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mu ofesimo amene anafika nayo pa tsamba lachiwiri.

"Fayilo ya Tilimbike unaiona?"

"Ndinaiona."

"Unaitsegula?"

"Ndinaitsegula."

"Unaona zimene analemba za kwa Kamtedza?"

"Ndinaona."

Mayi Chadzala anamenya tebulo. "Ndiye unatani?"

"Bwana, m'nkhokwemo muli mafayilo a pambali khumi ndi anayi. Aliyense woopa a Mankhusu amaika yake. Ine sindingadziwe kuti woona ndi uti. Ine ndili ngati woika mapaipi, za madzi oyenda m'mapaipimo ndi za eni ake. Ndikanalumikiza ya Tilimbike, mawa mukanandifunsa kuti wakutuma ndani."

"Sindikunena zolumikiza. Miyendo unalibe yoti ubwere pakhomo apa udzandiuze?"

Apa ndiye mayi Chadzala anafunsa funso limene linkawazunguza mutu chiyambire dzulo lake.

"Chabwino. Fayilo ya a Mankhusu sinakhudzidwe kuyambira Seputembala. Palibe amene analembamo kuti mjigo wa kwa Kamtedza watha. Nanga unabiriwira bwanji wokha?"

Zakeyu anatulutsa foni m'thumba.

"Poyamba sizinali choncho, bwana. Poyamba mudzi unkabiriwira pokhapokha munthu atalemba kuti watha. Koma a Mankhusu ankachedwa kulemba, ndiye lipoti linkapita ku likulu lili lofiira ngakhale mijigo itatha. Mu Juni munandiimbira foni. Munati kufiira kumeneku kukukuchititsani manyazi pamaso pa a bodi. Munati ndikonze zoti tsiku lomaliza la pa pulani likadutsa, popanda wolemba vuto, mudzi uzibiriwira wokha. Ndinakuuzani kuti n'zoopsa. Munandiyankha pa foni pano."

Anawerenga mosakweza mawu. "Zakeyu, usandiphunzitse ntchito. Pakakhala vuto anthu anga amanena. Chita zimene ndakuuza."

Mayi Chadzala anakumbukira tsikulo bwinobwino. Anali atangochokera ku likulu kumene wina wa bodi anawaseka kuti tsamba lawo likuoneka ngati munda wa tomato. Analemba uthengawo ali m'basi, mtima uli pamwamba, ndipo atafika kunyumba anali ataiwala.

Lachinayi anawaitana onse atatu pamodzi, poganiza kuti mwina wina adzivomera yekha. Kumeneko kunali kulakwitsa kwina. A Mankhusu anati mtsikana amene amaona nyumba ikupsa n'kumadikira chilolezo chokuwa sayenera ntchito ya kumidzi. Tilimbike, amene tsopano mantha anali atamuthera, anawayankha m'maso muli gwa.

"Lero mukuti ndikadakuwa? Munatitseka pakamwa ndinu, bambo. Munandiuza kuti mwakonza, pamene mwakonzera kukhwapa kwanu."

"Taona mwano wakewo," anatero a Mankhusu. "Ndipo iwe Zakeyu, makina ako amabiriwitsa dzenje louma, ukuti ndi nzeru zimenezo?"

"Makina amachita zimene auzidwa, bambo. Inenso chimodzimodzi."

"Ndiye kusiyana kwako ndi makinawo kuli pati?" anafunsa Tilimbike.

Anakangana mpaka alonda anasuzumira pa windo. Aliyense anali ndi umboni wake m'manja, wina laputopu, wina fayilo, wina foni, ndipo umboni uliwonse unali woona. Chimene chinawawawa kwambiri mayi Chadzala n'chakuti pa ola lonselo palibe amene anatchula ana aja ali kuchipatala. Anawathamangitsa onse n'kutseka chitseko.

Lachisanu linafika. Kalata inali italembedwa yonse, kutsala mpata umodzi wa dzina, ndipo inayenera kutumizidwa isanakwane thwelofu koloko. Mayi Chadzala anakhala pansi, mkwiyo ukadali pakhosi, koma tsopano osadziwa kuti aulavulire ndani.

Akalemba a Mankhusu, alemba munthu amene anabisa choonadi mu laputopu chifukwa cha matama, amene anaopseza ofesi yonse mpaka ana kuleka kuyankhula. Koma bamboyo anakonza pulani tsiku lomwelo, sanalembe bodza paliponse, ndipo chimakina chinachoka iye ali pa bedi la chipatala. Komanso m'boma lonselo ndi iye yekha amene angaloze pamene madzi ali pansi pa mwala wa kwa Kamtedza.

Akalemba Tilimbike, alemba munthu amene anaona ndi maso ake dzenje louma, n'kuonanso bodza pa khoma masabata asanu ndi awiri, osatsegula pakamwa. Koma pa anthu onsewo ndi iye yekha amene anaika choonadi m'nkhokwe, ndi iye yekha amene anauzako munthu wina, ndipo mantha akewo anawaphunzira mu ofesi momwemo, abwana ake akuseka nawo.

Akalemba Zakeyu, alemba munthu amene anaona mafayilo onse awiri, yekhayo amene ankadziwa kuti pulogalamu ikutapa mu iti ndi kuti ikubiriwitsa bwanji, koma anapinda manja n'kunena kuti si zake. Koma mnyamatayo anachenjeza mu Januwale, anachenjezanso mu Juni, ndipo anauzidwa kuti asaphunzitse akulu ntchito.

Panatsala dzina lachinayi, limene a bodi sankaliyembekezera. Mayi Chadzala sanaone dzenje, sanaone fayilo ya pambali, palibe amene anawauza kanthu. Koma lamulo lobiriwitsa linachoka pakamwa pawo chifukwa choopa kusekedwa, ndipo dzanja limene linasayina kuti chimakina chipite linali lawo. Akadzilemba okha, ku likulu atumiza mlendo amene sanaimepo pabwalo la sukulu ya kwa Kamtedza, amene sanalonjeze kanthu kwa wina aliyense, ndipo ndani angadziwe ngati mu Meyi adzakumbukire mudzi wa kutsidya kwa mtsinje? Maganizo amenewo anawakomera, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunawakwiyitsa, chifukwa sanathe kudziwa ngati akuganizira anthu a kwa Kamtedza kapena mpando wawo.

Kusiya mpatawo wopanda dzina sikukanatheka, pakuti kutero kunali kuuza mayi Nangozo kuti amwe madzi a Nkhwiza chaka chinanso. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa hafu leveni, ndipo atatu aja anali atakhala panja pa benchi, motalikirana, osayankhulana.

Ine pamenepa ndagwira njakata, ndipo mlanduwu ndautula kwa inu amene mwamva mbali zonse. Mpata ndi umodzi, madzi a mudzi wonse akudikira mpata umenewo. Kodi mayi Chadzala alembepo dzina la ndani: a Mankhusu amene anakonza koma osabweza, Tilimbike amene analemba koma osanena, Zakeyu amene anaona koma osadzuka pampando, kapena lawo lomwe?